Kodi tisinthe Windows ya pa kompyuta yathu? Zoyenera kulingalira tisanatulutse ndalama

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, pulogalamu imene yakhala ikuyendetsa makompyuta ambiri m'maofesi, m'masukulu ndi m'makomo kuyambira chaka cha 2015. Amene amagwira ntchito m'maofesi a maparishi, akatekisiti ndiponso alembi a miphakati ndi a mabungwe mwina anaonapo uthenga pa kompyuta wowalimbikitsa kuti asamukire ku Windows 11. Ena auzidwa ndi ogulitsa kuti makina awo atha ntchito ndipo agule atsopano. Ena sakulabadira n'komwe, poti kompyuta ikuyakabe m'mawa uliwonse ndipo makalata akulembeka monga kale.

Nkhaniyi ikukhudza ndalama, zimene m'maparishi mwathu sizichuluka, komanso ikukhudza zimene zasungidwa m'makompyutamo: mayina a obatizidwa, mndandanda wa okonzekera ulimbitso ndi ukwati, kaundula wa mtulo ndi chakhumi, malipoti a zachuma ndi makalata a anthu. Choncho tiyeni tiione modekha. Funso lotitsogolera lisakhale lakuti chatsopano ndi chiti, koma lakuti kompyuta yathu ikugwira ntchito yanji, ikulumikizidwa ndi chiyani, ndipo ndani akuitseka mipata imene akuba angalowerepo.

Kodi Windows imagwira ntchito yanji?

Kompyuta ili ndi mbali ziwiri: zipangizo zogwirika ndi manja, ndi mapulogalamu amene amaziuza chochita. Pakati pa mapulogalamuwo pali imodzi imene ili ngati kapitawo wa onse, imene pa Chingerezi amaitcha operating system. Ndiyo imadzutsa makina mukawayatsa, imasunga mafayilo m'malo mwake, imalankhula ndi pulinta, imatsegula khomo la intaneti, ndipo imapatsa mapulogalamu ena monga Word ndi Excel malo ogwirira ntchito. Windows ndi imodzi mwa mapulogalamu a mtundu umenewu. Ena ndi macOS ya makompyuta a Apple, Linux, ndi Android imene ili m'mafoni ambiri.

Pulogalamu yaikulu chonchi siikhala yopanda ming'alu. Chaka ndi chaka akatswiri, ndiponso akuba, amatulukira zolakwika zimene munthu angalowerepo m'kompyuta ya mnzake ali kutali. N'chifukwa chake Microsoft imatulutsa zigamba zotseka ming'aluyo pa Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo kompyuta imazilandira kudzera pa intaneti. Tikamati kampani yasiya kusamalira Windows 10, tikutanthauza kuti zigamba zaulere zimenezi zaleka kubwera. Kompyuta siizima ayi, ndipo mafayilo safufutika. Nyumba ikadali chilili, koma mmisiri amene ankabwera mwezi ndi mwezi kudzakonza maloko wasiya kubwera.

Pali chinanso chimene chimakulitsa vutoli. Windows 10 ndi Windows 11 zimafanana m'zambiri m'kati mwake. Microsoft ikatseka mng'alu mu Windows 11, akuba amaunika chigambacho ndi kudziwa pamene panali mng'aluwo, kenaka amakaufuna mu Windows 10 mmene sunatsekedwe. Motero mwezi uliwonse ukamapita, kompyuta yosiyidwayo imanka ikhala yosavuta kuthyola.

Zimene zaka zapitazi zatiphunzitsa

Aka si koyamba kuti zoterezi zichitike. Windows XP, imene ambiri a ife tinaphunzirirapo kompyuta, inatuluka mu 2001 ndipo inasiya kusamalidwa mu Epulo 2014. Windows 7 inatuluka mu 2009 nisiyidwa mu Januwale 2020, ndipo Windows 8.1 inasiyidwa mu Januwale 2023. Nthawi zonsezi makompyuta anapitiriza kuyaka, koma pang'ono ndi pang'ono mapulogalamu ena anayamba kuwakana. Mwachitsanzo, kumayambiriro kwa 2023 kampani ya Google inaleka kutulutsa Chrome yatsopano ya Windows 7, patangotha zaka zitatu Microsoft itaisiya. Pulogalamu yotsegulira intaneti ikakalamba chonchi, masamba ena, makamaka a mabanki, amayamba kuvuta kapena kukana kutseguka.

Kuopsa kokhala wopanda zigamba kunaoneka poyera mu Meyi 2017, pamene vairasi yotchedwa WannaCry inagwira makompyuta oposa 200,000 m'mayiko pafupifupi 150 m'masiku owerengeka. Vairasiyo inkatseka mafayilo onse a munthu ndi kufuna dipo la madola 300 kuti awatsegulenso. Ku England zipatala za boma zinalephera kuona odwala masauzande ambiri amene anali atapatsidwa kale masiku okaonana ndi madokotala. Chomvetsa chisoni n'chakuti Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka mng'alu umenewo m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho. Amene anagwidwa ndi amene sanachiike, kapena amene makina awo anali atasiya kulandira zigamba.

Tisaganize kuti umbanda wotere ndi wa kunja kokha. Mu Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko lino wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza nyumba ya malamulo kuti achiwembu analowa m'makina opangira ziphaso zoyendera ndi kufuna dipo, ndipo ntchito yosindikiza ziphaso inaima kwa masabata angapo. Komanso akuba ambiri a pa intaneti sasankha munthu. Amatchera msampha paliponse ndipo amakola aliyense amene khomo lake lili lotsegula, kaya ndi banki yaikulu kaya ndi kaofesi ka parishi ya kumudzi.

Ena amati ali ndi pulogalamu yolimbana ndi mavairasi, choncho alibe nkhawa. Pulogalamu imeneyi ndi yothandiza ndithu, koma ili ngati mlonda wa pa chipata. Amagwira akuba amene akuwadziwa nkhope, koma sangamange mpanda umene wagumuka kuseri kwa nyumba.

Yambani mwadziwa kompyuta yanu

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanamve za wogulitsa aliyense, fufuzani zinthu zitatu pa kompyuta yanu. Choyamba, dziwani Windows imene muli nayo. Dinani batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows pamodzi ndi chilembo R, lembani mawu akuti winver, ndipo kabokosi kadzatuluka kokuuzani ngati ndi Windows 7, 10 kapena 11.

Chachiwiri, onani ngati makinawo angathe kunyamula Windows 11, imene inatuluka pa 5 Okutobala 2021. Microsoft imafuna kuti kompyuta ikhale ndi RAM yosachepera 4 GB, malo osungira zinthu osachepera 64 GB, ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Imafunanso purosesa, ubongo wa kompyuta, ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena kuposerapo ngati ndi ya Intel, kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo ngati ndi ya AMD. Kunena mwachidule, makina ambiri opangidwa chaka cha 2018 chisanafike sakwanira. M'badwo wa purosesa ya Intel umaoneka pa dzina lake: pa i5-7200U nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndi 7, ndiye kuti ndi m'badwo wachisanu ndi chiwiri ndipo siikwanira, pamene i5-8250U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu ndipo ikukwanira. Ngati manambala ali asanu, monga i5-10210U, werengani awiri oyambawo. Pali kapulogalamu kaulere ka Microsoft kotchedwa PC Health Check kamene kamayeza zonsezi ndi kunena chimene chikupereweracho.

Kawirikawiri kompyuta imakanidwa chifukwa cha TPM pamene kachipangizoko kalimo, kungoti sikanayatsidwe. Mmisiri wodziwa ntchito akhoza kukayatsa m'mphindi zochepa polowa m'malo otchedwa BIOS, mmene kamadziwika ndi dzina lakuti PTT pa makina a Intel kapena fTPM pa makina a AMD. Pali makompyuta abwinobwino amene eni ake angawataye chifukwa chosadziwa kanthu kakang'ono kameneka.

Chachitatu, lembani pa pepala ntchito zonse zimene kompyutayo imagwira ndi zipangizo zimene imalumikizidwa nazo: pulinta, makina ojambulira zikalata, pulogalamu yowerengera ndalama, pulogalamu yosungira mayina a akhristu, ndi imene mumakonzera zolengeza za Lamulungu. Pulinta iliyonse imafuna kapulogalamu kake kolankhulira ndi Windows, ndipo mapulinta ena akale alibe kapulogalamu koyenda pa Windows 11. Walira mvula walira matope: kusintha Windows nthawi zina kumadza ndi mtengo wa pulinta yatsopano umene simunauwerengere. Kumbukiraninso kuti Office 2016 ndi Office 2019 nazonso zinasiya kusamalidwa tsiku lomwelo la 14 Okutobala 2025, ndipo Microsoft inalengeza kuti pulogalamu ya Publisher, imene ambiri amakonzera timabuku ta nyimbo ndi makadi, ithera mu Okutobala 2026. Ndi bwino kusunganso zolemba zonse za mu Publisher ngati mafayilo a PDF.

Njira zinayi zimene zilipo

Njira yoyamba ndi ya amene makina awo akukwanira. Kwa iwo yankho ndi losavuta: samukirani ku Windows 11. Ngati Windows 10 yanu ili ndi chiphaso chenicheni, kusamukaku n'kwaulere, ndipo chimene mudzalipira ndi bandulo ya intaneti, poti zotsitsa zake zimakwana magigabaiti angapo. Ngakhale Microsoft imati 4 GB ya RAM ikukwanira, kompyuta yotere imayenda mokwawa. Kuonjezera RAM kufika 8 GB ndi kuikamo disiki ya mtundu wa SSD m'malo mwa yakale yozungulira kumafulumizitsa makina kwambiri, pa mtengo wochepa kuyerekeza ndi kugula ena. Dziwaninso kuti Windows 11 imatuluka mwatsopano chaka chilichonse, ndipo pa makompyuta a Home ndi Pro mtundu wa chaka chilichonse umasamalidwa miyezi 24 yokha. Choncho ngakhale mutasamuka, muziilola kompyuta kulandira zigamba.

Njira yachiwiri inakonzedwa kuti anthu apeze nthawi yokonzekera. Microsoft inatsegula ndondomeko yotchedwa Extended Security Updates, yopitiriza kutumiza zigamba zachitetezo zokha ku Windows 10 ya mtundu womaliza, 22H2. Poilengeza, kampaniyo inati anthu wamba adzalandira zigambazo kufikira pa 13 Okutobala 2026, polipira madola 30 kapena mwaulere ngati alumikiza kompyuta yawo ku akaunti ya Microsoft ndi kusungako makonzedwe ake. Kwa mabungwe ndi makampani inaika mtengo wa madola 61 pa kompyuta iliyonse chaka choyamba, mtengowo n'kumawirikiza kawiri chaka chilichonse, kwa zaka zosapitirira zitatu. Umenewu ndi mlatho wowolokera chabe, si malo omangapo nyumba.

Njira yachitatu ndi kuchotsa Windows ndi kuikamo Linux. Pulogalamu imeneyi inayambitsidwa ndi Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991, ndipo ndi yaulere kwa aliyense. Ili ndi mitundu yambiri. Ubuntu, imene inayamba mu 2004 motsogoleredwa ndi Mark Shuttleworth wobadwira ku South Africa, imatulutsa mtundu wokhalitsa zaka ziwiri zilizonse ndipo mtunduwo umalandira zigamba zaulere zaka zisanu. Linux Mint, yomangidwa pa Ubuntu, imaoneka mofananako ndi Windows, motero wozolowera Windows sasochera kwambiri. Imabwera ndi LibreOffice, imene imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel. Kwa katekisiti amene ntchito yake ndi kulemba maphunziro, kusunga mayina, kutumiza makalata ndi kuwerenga za pa intaneti, laputopu ya zaka khumi ikhoza kutumikira bwino zaka zina zingapo mwa njira imeneyi. Zovuta zake ziliponso. Mapulogalamu ena opangidwira Windows yokha, makamaka owerengera ndalama, sayenda pa Linux. Zikalata zokongoletsedwa kwambiri mu Word nthawi zina zimasokonekera maonekedwe. Ndipo pamafunika munthu wapafupi woidziwa amene mungamufunse zikavuta. Ubwino wake ndi wakuti mukhoza kuiyesa kuchokera pa fulashi osafufuta chilichonse, ndi kuona ngati pulinta yanu ikugwira, musanatsimikize.

Njira yachinayi ndi kusiya kompyuta monga ilili koma kuichotsa pa intaneti kotheratu. Makina amene ntchito yake ndi kulemba ndi kusindikiza basi akhoza kukhala choncho zaka zambiri. Koma pamenepa mdani wamkulu ndi fulashi, imene imayenda kuchokera ku malo osindikizira zikalata a pa msika kupita ku sukulu, n'kudzafika ku ofesi itanyamula mavairasi. Kompyuta yotere ikhale ndi fulashi yakeyake, ndipo pasapezeke wina woilumikiza ku intaneti ya pa foni yake ponena kuti ndi kanthawi kochepa chabe.

Kugula makina ena kubwere pambuyo pa kulingalira njira zinayizi. Ngati mwatsimikiza kugula, makamaka makina ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja, onani m'badwo wa purosesa monga tafotokozera. Kuona Windows 11 ikuyaka pa laputopu ya m'sitolo si umboni wakuti makinawo akukwanira, chifukwa pali njira zoikakamizira pa makina akale. Microsoft inachenjeza kuti makina okakamizidwa chonchi alibe chitsimikizo cholandira zigamba. Chimodzimodzinso Windows yobedwa, imene ena amaika pa mtengo wotsika: timapulogalamu tothyolera chiphaso kawirikawiri timabwera ndi mavairasi ake. Langizo lomweli tiwapatsenso mwaulemu abwenzi akufuna kwabwino amene akufuna kutipatsa makompyuta ngati mphatso.

Musanasinthe chilichonse

Njira iliyonse imene mungasankhe, ntchito yoyamba ndi kukopera mafayilo onse ofunika. Akopereni malo awiri osiyana, mwachitsanzo pa disiki yakunja ndi pa fulashi, ndipo chimodzi mwa ziwirizi chisungidwe m'nyumba ina, osati m'kabati yomweyo ya kompyuta. Mukatero, tsegulani ena mwa mafayilowo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akopekadi. Musaiwale makalata a imelo, zithunzi, mapasiwedi, ndi manambala a ziphaso za mapulogalamu amene munagula.

Pa za mabuku a masakramenti, Malamulo a Mpingo pa nambala 535 amalamula kuti parishi iliyonse ikhale ndi mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a omwalira, olembedwa bwino ndi osungidwa mosamala. Kompyuta imathandiza kupeza dzina msanga, koma siilowa m'malo mwa mabukuwo. Ngati pali mayina amene analembedwa m'kompyuta mokha osalowetsedwa m'buku, alowetseni musanayambe kusintha. Tikumbukirenso kuti dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya anthu mu 2024, ndipo aliyense wosunga mayina, manambala a foni ndi zina zokhudza anthu ali ndi udindo wozisamala.

Sankhani nthawi yabwino. Musasinthe Windows m'Sabata Loyera, kapena kutatsala masiku ochepa kuti kuchitike ulimbitso, kapena pamene msungichuma akutseka mabuku a chaka. Ntchitoyi imatenga maola angapo, ndipo magetsi akathima ili m'kati kompyuta ikhoza kukana kuyakanso. Laputopu ikhale yodzaza moto, ndipo kompyuta ya pa tebulo ilumikizidwe ku UPS kapena ku magetsi a dzuwa odalirika. Mukasamuka kuchokera ku Windows 10 kupita ku Windows 11, muli ndi masiku 10 obwerera ku yakale ngati zinthu sizikuyenda. Gwiritsani ntchito masiku amenewo kuyesa pulinta ndi pulogalamu iliyonse imene munalemba pa pepala paja.

Pali mfundo imodzi imene ambiri amaiphonya. Windows 11 ikamaikidwa mwatsopano imafuna intaneti ndi akaunti ya Microsoft, ndipo pa makina ambiri imatseka yokha disiki yonse ndi kiyi wachinsinsi amene amasungidwa mu akauntiyo. Zimenezi zimateteza mafayilo kompyuta ikabedwa, koma zimatanthauzanso kuti mwini akaunti ndiye wagwira kiyi. Ngati mnyamata amene anadzathandiza kuika Windows analowetsa imelo yake, kenaka n'kusamukira ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, tsiku limene kompyuta idzafunse kiyiyo ofesi yonse idzagwira njakata. Akaunti ikhale ya parishi kapena ya bungwe, ndipo pasiwedi pamodzi ndi kiyi wa manambala 48 uja zilembedwe pa pepala ndi kusungidwa motsekera, modziwa Bambo Mfumu ndi munthu wina mmodzi wodalirika. Ansembe amasinthidwa, alembi amapuma pa ntchito, koma mbiri ya akhristu iyenera kutsala.

Makina akale tiwatani?

Lipoti la mabungwe a United Nations la chaka cha 2024 linasonyeza kuti mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera sizinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. M'makompyuta muli mtovu ndi zinthu zina zapoizoni zimene zimaononga nthaka ndi madzi, ndipo utsi wake ndi woopsa akatenthedwa. Choncho kompyuta imene siingathe Windows 11 tisaithamangire kudzala. Itaikidwa Linux ikhoza kuthandiza achinyamata kuphunzira kutaipa, kapena kutumikira tchalitchi la kunthambi. Koma isanatuluke mu ofesi, disiki yake ifufutidwe kotheratu kapena ichotsedwe n'kusungidwa, chifukwa mafayilo ongotayidwa m'kabini ka pa kompyuta munthu wodziwa akhoza kuwabweza mosavuta.

Tigamule bwanji tsono?

Kompyuta imene imalowa pa intaneti, imene imatumiza kapena kulandira ndalama, kapena imene imasunga mbiri ya anthu, iyenera kukhala ndi pulogalamu imene ikulandirabe zigamba, kaya ndi Windows 11 kaya ndi Linux. Imeneyi ndiyo iyambe kuonedwa, ndipo ngati pali ndalama zochepa zipite kumeneko. Kompyuta yongolembera ndi kusindikiza, yosalowa pa intaneti, ikhoza kudikira. Amene akadali ndi Windows 7 kapena XP pa makina olowa pa intaneti achedwa kale, ndipo asadikirenso.

Tikupempha makhonsolo a maparishi ndi makomiti a zachuma kuti pa msonkhano wawo wotsatira apemphe munthu mmodzi alembe mndandanda wa makompyuta onse a parishi: Windows imene ilimo, m'badwo wa purosesa, ntchito imene makinawo amagwira, ndi dzina la amene akusunga pasiwedi. Ndi ntchito ya tsiku limodzi ndipo siifuna ndalama. Mndandandawo ukakhala pa tebulo, kudzaoneka poyera makina amene angosinthidwa Windows mwaulere, amene akufunika RAM yoonjezera, amene apite ku Linux, ndi amene akufunikadi kugulidwa atsopano m'bajeti ya chaka chamawa.